Zomwe zinali pansi pa malata

Basi ikafika pa rodibuloko ya Jenda, ngakhale wogona tulo tofa nato amadzuka yekha. Apolisi asanayandikire n'komwe, mazenera onse amakhala atadzaza mabeseni: tomato wounjikidwa ngati chulu, anyezi wa m'mitolo, mbatata ya kachewere, kabichi. Amayi amakuitana m'Chitumbuka, ukachedwa kuyankha asinthira ku Chichewa pomwepo. Ine ndinatsika pamenepo Lachisanu lina mkati mwa Novembala 2023, nditayenda makilomita oposa 200 kuchokera ku Lilongwe. Msewu wa M1 unali ukukonzedwa, ndiye fumbi linali m'tsitsi ndi m'mano momwe. M'thumba la malaya ndinali ndi kope la ana asukulu ndi bolopeni. Ndinatumidwa kudzawerenga malata.

Wondituma anali mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, amene wakhala ku Joni zaka 7. Mawu ake pa WhatsApp anali onjenjemera ndi mkwiyo. "Alamu, ndinatumiza ndalama ya malata 40, ya misomali, ya kalipentala, yonse yokwana. Lero akundiuza kuti yatha, nyumba ili yasa, amayi akugona kukhitchini. Pitani mukandionere. Inu ndinu mkamwini, simudya nawo."

Nkhani yotere ku Mzimba si yachilendo. Bomali lakhala likutumiza ana ake ku South Africa kuyambira masiku a Wenela, ndipo mudzi uliwonse uli ndi nthano ya munthu amene ankatumiza ndalama zaka ndi zaka, abale n'kumamutumizira chithunzi cha nyumba ya eni, iye pobwera n'kupeza maziko okha atamera thengo. Zina mwa nthanozi n'zoona. Ndi chifukwa chake munthu wa ku Joni akangomva kuti ndalama yaperewera, mtima umathamangira kumodzi. Amene ankaganiziridwa pano anali mng'ono wake, mnyamata wa zaka 24 amene anatsala pakhomo kuweta ng'ombe ndi kusamala mayi awo.

Ndinayambira m'mashopu a hadiweya, popeza ali pafupi pomwepo, m'mbali mwa msewu. Malata amawaimika panja motsamira khoma, ndipo dzuwa la Novembala likawamenya umayenda utatsinzina. Mumapezeka oyera a mizeremizere amene tinakula nawo, komanso a IBR opaka utoto wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Mwini shopu ina, bambo wodekha wa magalasi, anandionetsa zimene wogula ambiri amaziphunzira mochedwa. Anagwira lata la geji 28 m'mphepete, n'kuligwedeza: linalira mawu okhuthala. Anagwira la geji 32: linapindika ngati chikuto cha kope. "Nambala ikamakwera, lata likupyapyala," anatero. "Anthu amafunsa mtengo ndi mafiti okha. Za geji amadzafunsa matalala atawaboolera." Anayala awiri pansi, lina pamwamba pa linzake, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti ngakhale m'lifupi sanali ofanana.

Pakhoma panali bolodi la mitengo, ndipo manambala onse anali ofufutidwa ndi dzanja, choko chatsopano chitalembedwa pamwamba pa chakale. Sabata imodzi m'mbuyomo, pa 9 Novembala, ndalama ya kwacha inali itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Zitsulo zimene amapangira malata zimachokera kunja, ndiye mtengo wake sudikira mwezi kuti utsatire dola. Bamboyo anati masiku awiri oyamba sanagulitse lata ndi limodzi lomwe, poopa kugulitsa katundu pa mtengo umene sakanatha kukapikulira wina. Ndinalemba m'kope langa mzere woyamba. Ndalama ya mlamu wanga inafika mu Okutobala ili ma randi, inasinthidwa kukhala makwacha tsiku lomwelo, ndipo imene inali isanagwiritsidwe ntchito inaonda ili m'thumba. Ikanakhala kuti inatsala ku Joni mpaka sabata imeneyo, bwenzi itanenepa. Palibe wa m'mudzi amene akanadziwa zimenezo.

Kuseri kwa mashopu kuli ogulitsa matabwa. Fungo la paini limakulandira usanawaone. Ali m'milu, 2x3 apa, 2x4 apo, 2x6 pang'ono chabe. Ndinanyamula limodzi ndipo linali lolemera ngati lamizidwa m'madzi, utomoni ukumata m'manja. Thabwa laliwisi ukalikhomera padenga limauma likupotoka, n'kukoka misomali, lata n'kuyamba kuyasama. Mnyamata wogulitsa sanabise. Anati louma lilipo koma mtengo wake ndi wina. Zimenezi zinandiwawa, chifukwa Chikangawa ali m'boma lomweli. Nkhalango ya kumeneko ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala imene sinamangidwe. Kwa zaka zambiri matabwa ake anafolera nyumba za dziko lino, ena n'kuwoloka malire kupita ku East Africa. Moto wa chaka ndi chaka ndiponso kudula kosabwezeretsa zasiya mapiri ambiri ali mbee. Lero munthu wa ku Mzimba akugula thabwa lopyapyala, lochekedwa ku mtengo wosakhwima, pa mtengo umene bambo ake sakanaukhulupirira.

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, tinakhotera kumsewu wopita ku Embangweni ndi ku Edingeni, kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Msewu umenewu ndi buku la ndalama za ku Joni. Nyumba ina denga lake la IBR lofiira lili ndi makona asanu ndi awiri, mitsinje ya madzi ikukumana pakati. Yoyandikana nayo yaimira pa mawindo, njerwa zitada ndi mvula za zaka zingapo, mpendadzuwa wakale uli gwa pabalaza. Minda inali yolimidwa kale, mizere ikudikira. Tinadutsa ngolo ziwiri za ng'ombe, imodzi itanyamula mchenga. Cha kumadzulo, ku Lundazi, mitambo inali itayamba kuunjikana. Wakabaza anailoza ndi chibwano. "Vula yikwiza," anatero, n'kuwonjezera moto.

Nyumba ya apongozi anga ndinaizindikira ndi mtengo wa mango, chifukwa yokhayo sinkaoneka ngati nyumba imene ndinkaidziwa. Mbali imodzi inali ndi malata atsopano onyezimira. Mbali inayo mitanda inali pamtunda ngati nthiti za ng'ombe yofa kalekale, pepala lakuda la pulasitiki likukupiza pamwamba pake, atalipsinja ndi njerwa. Mipando, kabati ndi bedi zinali pansi pa mango. Malata akale, ofiira ndi dzimbiri, anali atasanjidwa pafupi ndi khola.

Ndinanjuta patali monga mwa mwambo. Apongozi anali pamphasa pakhomo pa khitchini.

"Monire a mkweni. Mwafika makora?"

"Ndafika bwino, amama."

Sanafunse chimene ndadzera. Ankachidziwa. Anangotuma mdzukulu kuti agwire nkhuku, ndipo ine ndinachita manyazi ndi kope lija.

Nyumbayi anamanga ndi malemu apongozi aamuna mu 1984, atabwera kumigodi pa nthawi ya Teba. Njerwa zake n'zowotcha koma anamangira dothi, simenti inangolowa pansi ndi m'makona. Malata ake anali olimba, a masiku amenewo, ndipo anapirira zaka 39. Chimene chinawagonjetsa ndi mabowo a misomali. Dzimbiri limayambira pamene msomali unaboola, bowo likukula, madzi akutsata msomali mpaka kulowa m'thabwa. Pansi anthu ankangoona dontho n'kutchera beseni. Chaka chino beseni limodzi, chaka chamawa atatu. Pamwamba, kuseri kwa siling'i ya mphasa, thabwa linkamwa madziwo mwakachetechete.

Kalipentala anali munthu wa zaka za m'ma 50, wosalankhulalankhula, pensulo ili kukhutu. Anandiuza kuti ndivule nsapato, tinakwera makwerero a bulugamu. Titafika pamwamba anandipatsa mpeni wake.

"Bayani apa, bambo."

Ndinabaya mtanda wakale umene unkaoneka wabwinobwino, wakuda ndi utsi ndi zaka. Mpeni unalowa mpaka m'chigwiriro. Nditauzula munatuluka dothi lofiira ndi ufa. Chiswe, chimene kuno amati muswa, chinali chitakwera mkati mwa khoma, m'dothi lomangira lija, n'kudya matabwa chamkati, kusiya khungu lokha ngati chikwa. Mwa mitanda yonse ya nyumbayo, kalipentala anapulumutsa inayi. Pamene ankapereka mtengo wa ntchito mu Seputembala, anaima pabwalo n'kuyang'ana m'mwamba, ndipo anagwirizana kuti ntchito ndi yosasula malata akale ndi kukhoma atsopano pa mitanda yomweyo. Ndinamufunsa chifukwa chake sanakwere kukaona kaye.

"Ndikanang'amba siling'i ya amama ndisanapatsidwe ntchito? Ndiponso thabwa limanama, mwaona nokha. Limanena zoona ukalichotsa lata."

Theka la yankho limenelo ndinalivomereza, theka lina ayi. Dzenje laling'ono pakona ya siling'i, tochi ndi mpeni womwewu, zikanaulula zambiri mu Seputembala, ndalama isanatumizidwe. Koma ndikudziwanso kuti mmisiri wakumudzi akanena mtengo weniweni pa tsiku loyamba, ntchito imapita kwa mnzake amene watchula wochepa. Tonse eni nyumba timakonda kumva nambala yaing'ono, ndipo amisiri anatiphunzira.

Tinayenda chokwawa pamwamba pa khoma, iye akuloza, ine ndikulemba. Pozula mitanda yakale, mizere iwiri ya njerwa zapamwamba inagumuka nayo, popeza dothi la zaka 39 silinagwirenso kanthu. Sukhazika denga latsopano pa khoma lofumbutuka. Panafunika njerwa, mchenga wa pa ngolo, matumba 5 a simenti, ndi mmisiri wina womanga, pakuti kalipentala sagwira chipande cha matope. Panafunika waya wokhuthala womangira mitanda ku khoma, wolowa mizere ingapo pansi. Apa mmisiriyo anakana kunyengerera. Mvula yoyamba kuno imabwera ndi mphepo, ndipo chaka chilichonse timamva za madenga a sukulu ndi matchalitchi amene anyamuka athunthu n'kukatera m'munda. Mphepo ikalowa pansi pa denga imalikankhira m'mwamba, ndipo lata latsopano lopepuka, pa thabwa lopepuka, silidziteteza ndi kulemera ngati lakale lija. Panafunikanso mankhwala opaka matabwa kuti chiswe chisabwerere. Solignum anakwanitsa chitini chimodzi. Otsalawo anapaka oyilo wakuda wa galimoto wogula kwa amakaniko pa Jenda, ndipo nyumba yonse inkanunkha galaja.

Kenako anatulutsa chingwe, tinayeza nyumba mopingasa, kona ndi kona. Zingwe ziwirizo zinasiyana pafupifupi chikhatho chimodzi ndi theka. Khoma lakumbuyo linali litafutukira kunja pang'onopang'ono m'zaka zonsezi. Malata akale anapindika nalo limodzi, koma atsopano ndi owongoka, safuna kumva za mbiri ya nyumba. Ena anayenera kudulidwa, ena kupsinjana kwambiri. Pa zimenezo panawonjezekera nkhani ya m'lifupi ija: mlamu wanga anawerenga malata 40 chifukwa akale anali 40, koma atsopanowa anali ocheperako, ndipo lililonse limataya mzere umodzi ndi theka polowa pansi pa linzake. Nyumba inkafuna 46.

Titatsika, mlamu wanga wamng'ono anali atakhala pa chigubu, m'manja muli jumbo ya shuga yopindidwa bwino. Sanandiyang'ane kumaso. Anangoitsanulira pa tebulo pansi pa mango: malisiti, ena a shopu okhala ndi chidindo, ena timapepala tong'ambidwa m'kope, tolembedwa ndi wangolo kapena wamchenga. Tinawasanja mwa masiku. Malata 28 anagulidwa kumapeto kwa Okutobala, chifukwa a geji 28 a mafiti oyenera anali omwewo m'shopu, ena ankayembekezeka. Ndalama ya 12 otsalawo ndi imene inathamangira ku matabwa ndi simenti denga litasasulidwa. Panali marijesi otseka pamsana pa denga, amene palibe anawakumbukira powerengera. Panali misomali ya malata, ya zipewa ija, ndi ya mainchesi 4 ndi 5 ya mitanda, yogulidwa katatu chifukwa nthawi zonse inkatha ntchito ili pakati. Pikapu yonyamula matabwa kuchokera pa Jenda, maulendo awiri. Kabaza wokatenga kilogalamu imodzi ya misomali, amene mtengo wake unaposa wa misomaliyo. Mnyamata wodzamasula sola ndi mawaya ake. Wina wodzachotsa njuchi zimene zinamanga pakona ya siling'i. Pulasitiki wakuda uja.

Panalinso zimene zilibe lisiti, koma mnyamatayo anazilemba kuseri kwa kalendala ya tchalitchi. Ntchito ya masiku 4 inali pa tsiku la 16. Amisiri awiri ndi anyamata awo atatu ankadya pakhomopo: tiyi wa m'mawa, nsima ya masana, ndipo kuno munthu wokugwirira ntchito padenga sumupatsa masamba okha masiku onse. Nkhuku 6 zinali zitapita, shuga, mafuta ophikira, sopo, ndi chigayo kawiri pa sabata.

Nditaphatikiza zonse, ndinabwereza kachiwiri, chifukwa nambala inakana. Zimene zinagwiritsidwa ntchito zinaposa zimene zinachokera ku Joni, ndipo kuposa kwake sikunali kwa masewera. Ndinafunsa kumene yapamwambayo inachokera. Mnyamatayo anayang'ana kukhitchini, kenako kukhola. M'kholamo munali ng'ombe 4. Ulendo wanga wapitawo zinali 5.

Apongozi anandiitana okha dzuwa litapendeka. Analankhula akusankha nyemba, maso ali m'lichero. Anagulitsa kang'ombe kamphongo kamene ankakasungira malowolo a mnyamata yemweyu. Itatha imeneyo anatenga ndalama ya feteleza, imene anasonkhanitsa pogulitsa soya ndi mtedza. "Chakudza sichiimba ng'oma, a mkweni," anatero m'Chichewa chawo cha kumpoto. "Koma uyo wa ku Joni musamuuze za feteleza. Ali ndi ana kumeneko, akulipira lendi. Mumuuze kuti tikumaliza."

Pamenepo m'pamene ulendo wanga unandilemera. Ndinatumidwa kudzagwira wakuba, ndipo ndinapeza mayi wokalamba amene wadzibera yekha chakudya cha chaka chamawa, n'kumandipempha kuti ndimubisire. Novembala ndi mwezi woipitsitsa wosasula denga m'dziko lino. Mvula ili pakhomo, amisiri ali pikitipikiti ndipo amadula, ndalama iliyonse ya pakhomo ili kale ndi dzina lake: mbewu, feteleza, ganyu. Nthawi yabwino ndi Julayi kapena Ogasiti, matabwa ali ndi miyezi youma, anthu angogulitsa kumene mbewu. Koma denga lodontha timalikumbukira mitambo ikayamba kuda, ndipo wa ku Joni amatumiza pamene wapeza, osati pamene kalendala yalola.

Netiweki pamudzipo imagwira pa chulu cha kuseri kwa khola. Tinakwera pamenepo madzulo, ine ndi mnyamata uja, nditanyamula chidutswa cha mtanda wakale. Mlamu wanga atayankha, nkhope yake ili m'kachipinda kowala babu limodzi, sindinayambe ndi manambala. Ndinaunika thabwalo ndi tochi, n'kulifinya ndi dzanja limodzi. Linaphwanyika ngati chigumu chouma, dothi likuyoyoka pakati pa zala. Anakhala chete nthawi yaitali. Matabwa amenewo anawaona akukwezedwa ali mwana, bambo ake ali pamwamba. Kenako ndinamuwerengera kope lonse, mzere ndi mzere. Za ng'ombe ndinamuuza. Za feteleza ndinamuuzanso, ngakhale ndinapemphedwa kuti ndisatero. Ndinaona kuti kubisa n'kumene kunabala kukayikirana konseku, ndipo ndinakapepesa kwa apongozi m'mawa mwake.

Sanapepese mng'ono wake, si mmene abale a kuno amachitira. Anangoti, "Mpatseni foni." Ndinatsika pachulu kuwasiya. Ndili pansi ndinamva mnyamatayo akuyankha kuti inde wadya, inde ng'ombe zinazo zili bwino, ndipo mawu ake anali atasintha.

Mvula inagwa usiku womwewo, cha m'ma 2 koloko. Inayamba ndi mphepo imene inang'amba pulasitiki pakati, njerwa zopsinjira zikugwera m'chipinda. Tinadzuka tonse, amisiri omwe, kukokera matumba a chimanga kumbali yofoleredwa, matochi ali kukamwa. Mbali ya malata atsopano inkalira ngati ng'oma, osamvana mawu, koma pansi pake panali pouma. Kalipentala anaima pakati pa chipinda, akuunika mitanda yake umodziumodzi, kuona ngati waya wagwira. Unagwira. Matumba awiri a chimanga ananyowa, ndipo kutacha apongozi anachiyanika pa malata akale aja. Asanachiwole n'komwe, anthu anali atayamba kubwera kudzapempha malatawo: wina awiri a chimbudzi, wina atatu a khola la nkhumba, azakhali a mkazi wanga anayi a khitchini. Apongozi anagawa onse osatengapo tambala, kupatula limodzi limene pakona pake panali dzina la malemu amuna awo, lolembedwa ndi utoto tsiku limene anawagula.

Ndalama ina inafika Lachiwiri lotsatira. Inakwana malata 18 otsalawo pa mtengo watsopano, koma a geji 30, chifukwa a 28 sakanakwanira. Ya feteleza inabwera kumapeto kwa Disembala, thumba limodzi, chimanga chitafika kale m'mawondo.

Ndinapitanso mu Epulo. Denga limaonekera patali, ukangotsika kamtunda ka pamsewu wa Embangweni, ndipo ukayandikira umatha kusiyanitsa mbali ziwirizo ndi kawalidwe kake. Siling'i kulibe mpaka pano. Masana m'nyumbamo mumatentha moti apongozi amakhalabe kukhitchini kwawo kwa udzu. Munda wa kuseri kwa nyumba unali pawiri. Mizere ya kufupi ndi khola, kumene kunafika thumba lija ndi manyowa, chimanga chinali chachitali, china chobereka ziwiri. Kuyambira pa mtengo wa muwanga kutsikira kudambo chinali chofika m'chiuno, mapesi oonda, zisononkho zake zosadzaza dzanja. Mnyamata uja anali komweko ndi chikwanje, akusanja mikukwe. Ndinamufunsa za malowolo. Anati akazi ake adikira chaka china, n'kuwerama kutola phesi lina.